Mapulaketa Awiri Akuda

Ntchito yanga yoyamba m'mawa uliwonse inali kuwaveka agogo mapulaketa. Pulaketa ndi kachikwangwani kakuda, kocheperapo pa bokosi la machesi, kokhala ndi pini kumbuyo. Pa ya agogo aamuna panalembedwa Élder Gama, pa ya agogo aakazi Síster Gama, ndipo m'munsi mwake dzina lalitali la mpingo wathu, limene anthu a ku Ulongwe sankavutika nalo. Iwo ankangoti Amormoni. Agogo aamuna maso anali atayamba kuchita nkhungu, pini sankaiona. Agogo aakazi manja ankanjenjemera. Ndiye ankaima onse awiri pakhomo, zifuwa patsogolo ngati ana a shikola pokweza mbendera, ine n'kuwaveka.

"Wakhotetsa," agogo aakazi ankatero tsiku lililonse, ngakhale ndiwongole bwanji. "Ndiponso ine si Gama. Ine ndine Nachisale. Gamayo ndi wa awa, ndangowanyamulira."

"Mwanyamula kalekale, simunatope," agogo aamuna ankayankha, akukonza garavata, tayi yawo ya m'khosi.

Dzina langa ndi Dércia. Ndinamaliza dezima, kalasi ya khumi, chaka chatha. Sindine munthu wolankhula, ndipo izi ndikulemba chifukwa pakamwa zimandikanika. Amayi anga anakwatiwanso ku Tete ine ndili wamng'ono, n'kundisiya kwa makolo awo, a Anselmo ndi a Quitéria. Iwowa ndiwo anandilera. Mpingo anaupeza ku Tete komweko, nthawi imene agogo aamuna ankagwira ntchito ya ukalipentala kumeneko. Atakalamba, mpingo unawapempha kuti atumikire misawu, ntchito ya umishonale, onse awiri, ali pakhomo pawo pomwe. Tsiku limene mapulaketa anafika, agogo aamuna anasamba kawiri.

Masiku awo ankafanana. Akadzuka ankagwada pambali pa bedi, kenako ankawerenga malemba m'Chipwitikizi, agogo aamuna n'kumamasulira m'Chinyanja ngakhale panalibe wosamva. Tiyi kwathu sitimwa, mpingo umaletsa, ndiye ndinkawawiritsira madzi a masamba a mandimu. Akatha ankakwera njinga, agogo aakazi kumbuyo atakhala cham'mbali, chikwama cha mabuku pamiyendo. Lachiwiri ankapita kwa a Salvador, bambo wina wakufa ziwalo wa ku bayiro ya kumtunda kwa tauni. Agogo aamuna ankawasambitsa ndi kuwameta, agogo aakazi akusesa. Masiku ena ankaphunzitsa amayi kulemba mayina awo, kapena kuthandiza mkazi wamasiye kukumba kachewere, garavata ataiponya paphewa kuti isadye dothi. Lolemba linali tsiku lochapa. Lamulungu ankalawira kukasesa kapela, nyumba yobwereka kuseri kwa msika, n'kuyala nsalu yoyera pamwamba pa mkate ndi madzi.

Anthu ambiri sankafuna kumva za mpingo. Ankawapatsa mpando, n'kuwauza mwaulemu kuti iwo ndi a tchalitchi cha ku Fonte Boa kuyambira makolo awo. Agogo aamuna ankathokoza, n'kufunsa ngati pali chitseko chovuta kutseka. Kawirikawiri chinalipo.

Chimene anthu ankadabwa nacho kwambiri chinali dzanja. Akatsika panjinga, agogo aamuna ankagwira agogo aakazi dzanja, n'kumayenda chomwecho pakati pa msika, anthu a imvi.

"A Elida, asiyeni amayiwo, sitiwaba!" amayi ogulitsa kachewere ankafuula, poti Élder uja iwo ankamutchula Elida.

"Si ine ndikuopa kubedwa, ndi awa," agogo aakazi ankabweza. "Simukuiona garavata? Ndikangowasiya, wina wa inu anyamula."

Msika wonse unkaseka. Ine ndikakhala nawo ndinkatsalira m'mbuyo, n'kumayang'ana tomato ngati ndikufuna kugula, kuti anzanga a ku shikola asadziwe kuti ndife amodzi. Ndinkachita manyazi. Agogo aamuna akafunsidwa ankati ndi lamulo la misawu, munthu sayenda popanda mnzake. Ndi zoona kuti lamulolo lilipo, koma limamanga kwambiri anyamata ndi atsikana. Okalamba anawapatsa mpata. Agogo aamuna analigwira mwamphamvu chifukwa china, ndipo chifukwacho tinkachidziwa awiri, iwo ndi ine.

Agogo aakazi anali atayamba kuiwala.

Zinayamba pang'ono. Mchere m'madzi a mandimu. Nsapato m'dengu la ufa. Kundiitana dzina la amayi anga. Kenako anayamba kufunsa za Celso. Celso anali mwana wawo woyamba, amene agogo aakazi anathawa naye atamubereka kumbuyo pa nthawi ya nkhondo, kuchoka ku Domwe kulowa m'Malawi. Anamwalira komweko asanayambe kuyenda. Ine ndinakula osamva dzina lake, koma tsopano linali m'nyumba mwathu tsiku ndi tsiku. "Celso wadya?" Agogo aamuna ankayankha kuti wadya, wagona.

M'mawa wina nditangomaliza kuwaveka, agogo aakazi anandikoka mkono n'kundinong'oneza: "Iwe, abambo awa ndani? Alowa bwanji muno?"

Agogo aamuna anamva. Anangoima, chipewa m'manja. Agogo aakazi anawayang'ana kuyambira kunsapato kukwera, mpaka maso awo anafika pa pulaketa. Anayandikira, anaikhudza ndi chala, kenako anawerama n'kukhudza yawo. Zinali zofanana.

"Oo," anatero, nkhope n'kumasuka. "Ndinu anzanga."

"Ndine, aNachisale. Tiyeni, a Salvador akudikira."

Kuyambira pamenepo agogo aamuna sankavulanso pulaketa. Ngakhale Lolemba, malaya oyera ali pachingwe, ankandiuza kuti ndiisamutsire pa juzi. Lolemba lina tikuchapa awiri kuseri kwa nyumba, anayamba kulankhula osandiyang'ana.

"Alamu anga a Policarpo akadziwa, amutenga."

A Policarpo ndi alongo awo a agogo aakazi, a ku Domwe. Ndiwo eni mbumba, ndiye kuti nkhani iliyonse yokhudza agogo aakazi, amayi anga, ngakhale ine, imathera pakamwa pawo.

"Angawatenge bwanji, ali ndi nyumba yawo?" ndinafunsa.

"Nyumba ndi yanga. Iye ndinamutenga chitengwa. Ndinapempha, anandibwereka. Mkazi akadwala matenda osatha, abale ake amabwera, amati tidwazike tokha. Sungakane. Ndiye akamutenga..." Anafinya malaya mpaka madzi anatha, n'kumafinyabe. "Kumene kuja adzadzuka m'mawa, ayang'ane pachifuwa pa munthu aliyense, osapeza. Ukumva?"

Ndinamva. Sanandiuze kuti ndibise. Koma amayi akaimba telefoni kuchokera ku Tete ndinkangoti tonse tili bwino, kukuzizira.

M'mwezi wa Junyu, kuzizira kutafika poluma zala, uthenga unabwera woti akazi awo a Policarpo amwalira. Panalibe kuchitira mwina. Tinakwera shapa, minibasi ya ku Domwe, m'mawa, nkhungu isanachoke m'madambo. Kobuladori, wotolera ndalama, ataona mapulaketa anati, "A pasitori, mutipempherere matayala," agogo aamuna n'kumwetulira pang'ono. Njira yonse sanasiye dzanja la agogo aakazi.

Koma pamaliro amuna amakhala paokha, akazi paokha. Amuna panja, pansi pa mitengo. Akazi m'nyumba ya siwa, mmene muli mtembo, ndi pakhonde pake. Palibe lamulo la misawu limene lingasinthe zimenezo. Titafika pabwalo agogo aamuna anaima, anatenga dzanja la agogo aakazi n'kuliika m'dzanja langa.

"Lero mnzake ndiwe," anandiuza chapansipansi. "Usamusiye, ngakhale pang'ono."

Tinalowa. M'nyumba munali mothina, mwa utsi, amayi atakhala miyendo yotambasula mpaka kukhomo. Agogo aakazi analira bwinobwino monga mlamu wa womwalirayo, anatchula ndi dzina lomwe. Ine mtima unatsika. Ndinawafunditsa kapulana, chitenje china, pamapewa chifukwa cha mphepo, n'kukhala pafupi nawo, dzanja lawo lili pamwendo panga.

Kunja kunali vuto la bokosi. Matabwa anali atabwera, koma mmisiri wa m'mudzimo anali tsidya lina la malire, osadziwika kuti abwera liti. Ndinamva mawu a munthu wina: "Alamu a ku Ulongwe aja si mmisiri? Elida, titchinjirizeni ku manyazi." Pazenera ndinawaona agogo aamuna akuyang'ana kunyumba kumene tinali, akuzengereza. Koma mkamwini pamaliro a kuchikazi sakana ntchito. Anavula kazako, jekete lawo, anamasula garavata, anavula malaya oyera ndi pulaketa yake yomwe, n'kupachika zonse pa nthambi ya pichesi. Anatsala ndi kamalaya kam'kati. Anapempha macheka ndi nyundo.

Nyundo itayamba kugunda, dzanja la agogo aakazi linadumpha pamwendo panga.

"Ayamba," ananong'ona.

"Ndani, agogo?"

"Ayambanso kuwomba. Sukumva?"

"Ndi nyundo, agogo. Akukhoma bokosi."

Anagwedeza mutu ngati avomera, koma nyundo ikagunda maso awo ankathamangira kukhomo. Amayi ankalira mokweza, ana ankathamanga panja, utsi unali ponseponse. Ndinawagwira ndi manja awiri.

Pamenepo analowa tiya Berta, mwana wamkulu wa a Policarpo, maso ofiira, mpango uli m'chiuno. Ndiwo ankayendetsa za kukhitchini.

"Iwe Dércia, atsikana anzako onse ali ku mjigo. Iwe wakhala pano ngati nkhalamba? Madzi atha, anthu asamba chiyani m'manja?"

"Tiya, agogo..."

"Agogo ako atani? Ali pakati pa abale awo, awadya ndani? Kapena a dezima satunga madzi?"

Amayi ena anandicheukira. Kuti ndikane ndinayenera kunena chifukwa, pamaso pa onse, m'nyumba ya a Policarpo. Kuti ndivomere ndinayenera kusiya dzanja. Ndinauza agogo aakazi kuti asachoke pamphasa, ndibwera msanga. Ndinatenga ndowa.

Ku mjigo kunali mzere wautali. Pobwerera, ndisanafike pabwalo, ndinamva kulira kwina, kosiyana ndi kwa maliro, kwakuthwa. Mayi wina wachitsikana, Zeferina, ankazungulira nyumba manja ali kumutu.

"Mwana wanga! Ndinamugoneka pamphasa apa, ndimati ndikatakase mphika! Mwana wanga ali kuti?"

Ndinatsitsa ndowa n'kuthamangira m'nyumba. Pamphasa pamene ndinasiya agogo panalibe munthu.

Ana ena anati aona agogo ena atabereka mwana, akutsika njira ya m'madimba, yolowera kumalire. Anthu anakhamukira kumeneko, amuna ndi akazi osasiyananso. Tikuthamanga ndinamva mayi wina kumbuyo kwanga akuti, "Nkhalamba yoba mwana pamaliro, ndi chiyani chimenecho? Mipingo yachilendoyi..." Wina anatchula liwu limene sindikufuna kulilemba, limene amanenera nkhalamba akafuna kuiponya miyala.

Tinawapeza kumunsi kwa dimba la kachewere, pafupi ndi kamtsinje. Anali atanjuta m'bango, mwana ali kumbuyo, atamumanga bwinobwino ndi kapulana ndinawafunditsa ija. Nsapato imodzi inali itatsala m'matope. Mwanayo sankalira n'komwe. Ataona gulu la anthu, agogo aakazi anabwerera m'mbuyo mpaka mapazi analowa m'madzi.

"Musayandikire!" a Policarpo anauza anthu. Anapita patsogolo okha. "Quitéria, mlongo wanga, ukutani? Bweretsa mwana wa eni."

"Policarpo, thawa!" agogo aakazi anafuula. "Thawa, ali m'mbuyo mwakomo!"

Kenako anafika agogo aamuna, akupuma movutika, utuchi uli m'mutu ndi m'manja. Anaiwala kuti nyundo idakali m'dzanja. Anadutsa anthu onse n'kulowa m'bango.

"ANachisale, ndine. Bwerani."

Agogo aakazi anakuwa. Sindinawamvepo akukuwa chomwecho. Anatembenuka kuti thupi lawo litchinge mwana, madzi akufika m'mawondo.

"Musandiphere mwana, bambo! Tengani mbuzi, tengani chilichonse. Amuna anga kulibe. Chonde, bambo!"

"Quitéria, ndine Anselmo."

Maso awo anapita pachifuwa cha agogo aamuna. Panalibe kanthu, kamalaya kam'kati kokha, konyowa ndi thukuta.

"Sindikudziwani," anatero.

Agogo aamuna anayang'ana pachifuwa pawo, n'kutaya nyundo m'madzi. Anandifunafuna ndi maso pakati pa anthu. Sanafunike kunena. Ndinathamanga kukwera dimba lonse, kudutsa bwalo, mpaka pa mtengo wa pichesi. Bokosi linali pamenepo, latsala chivindikiro. Ndinatsomphola malaya panthambi n'kubwerera. Ine amene ndimaopa ngakhale kudutsa pamene pakhala amuna, tsiku limenelo ndinkakankha akuluakulu ndi chigongono.

Agogo aamuna anavala malaya ali m'madzi, mabatani osemphana. Pulaketa inali itapendekeka, ndinaiwongola. Kenako anayenda pang'onopang'ono, manja atatambasula, chifuwa patsogolo ngati m'mawa pakhomo pathu.

Agogo aakazi anaiona. Anaima nthawi yaitali, milomo ikuyenda. Anatulutsa dzanja limodzi n'kuikhudza. Kenako anapisa pansi pa mfundo ya kapulana, pachifuwa pawo, n'kupeza yawo.

"Anzanga," anatero. "Munali kuti?"

"Ndinali pompano. Nkhondo inatha, aNachisale. Inatha kalekale."

"Celso ali ndi njala. Ine mkaka waphwa."

"Mupatseni mayi uyu amuyamwitse. Ndi munthu wabwino, ndikumudziwa."

Zeferina anabwera pafupi. Agogo aakazi anamasula kapulana okha, anamupatsa mwana mosamala, n'kumuuza kuti amufunditse kumutu, kukuzizira. Agogo aamuna anawagwira dzanja n'kutuluka nawo m'madzi. Pobwerera ndinanyamula nsapato ija. Chivindikiro cha bokosi agogo aamuna anamaliza ndi mwala ndi misomali yotsala, atavala malaya oyera, agogo aakazi atakhala pambali pawo pakati pa amuna. Palibe amene anawachotsa.

M'mawa mwake, maliro ataikidwa, nyumba atasesa, a Policarpo anatiitana kuseri kwa khola. Panali iwo, tiya Berta, agogo aamuna ndi ine. Agogo aakazi anali pakhonde poonekera, akusankha nyemba. A Policarpo anali asanagone, ndevu zoyera zitatuluka. Si munthu waukali. Anakhala nthawi akupukuta mawondo ndi zikhatho.

"Alamu, zinayamba liti?"

Agogo aamuna anayang'ana pansi. Iwo sanama, ndiye akafuna kubisa amangokhala chete.

"Chabwino. Iwe Dércia, ndiwe umakhala nawo. Usaope. Zinayamba dzulo?"

Ndinayang'ana agogo aamuna. Sanandiyang'ane, koma anagwedeza mutu pang'ono, kamodzi.

"Ayi, agogo. Zinayamba mvula isanagwe."

"Amakudziwa iwe?"

"Masiku ena."

"Nanga amuna ake?"

"Akavala pulaketa."

Tiya Berta anagwira pakamwa. "Ndiye bwanji sunanene dzulo, mwana iwe? Ine ndikanakutuma ku mjigo?" Anayamba kulira.

A Policarpo anapuma mozama. "Alamu, ine dzulo ndaika mkazi wanga. Dzulo lomwelo ndikanaikanso mlongo wanga, mwina ndi mwana wa eni. Munamva zimene anthu ankanena m'dimba muja? Kuno ndawatseka pakamwa chifukwa akumudziwa, anabadwira pano. Nanga ku Ulongwe, tsiku limene adzatuluke inu muli kubafa, n'kunyamula mwana pamsika? Adzamufunsa ndani kuti ndi mwana wa yani? Inu maso akutha. Uyu ndi mwana, ali ndi shikola yake. Munamusunga bwino mlongo wanga, sindikukana. Koma atsala kuno."

Ndinkayembekeza kuti agogo aamuna atchula za misawu, za lamulo, za mpingo. Sanatchule. Anatsika pa chitsa chimene anakhalapo n'kugwada pa dothi, atavala thalauza lawo la Lamulungu.

"Alamu, mwanena zoona. Sindikutsutsa. Ndikupempha chimodzi. Kale ndinabwera pano kudzapempha chitengwa, munandipatsa. Lero ndikubweza. Koma mundilandire ine. Ndikhale mkamwini pano."

"Mkamwini? Inu?" A Policarpo anaseka, misozi ikutsika. "Mkamwini wa imvi ndidzamutuma chiyani? Nanga nyumba yanu ya malata, mabenchi anu, kapela yanu ija?"

"Zitsala."

"Kuno kulibe anthu a mpingo wanu. Mudzapemphera ndi mbuzi."

"Ndidzapemphera ndi iye."

A Policarpo anayang'ana kukhonde. Agogo aakazi anali atasiya nyemba, akusuzumira uku ndi uku, dzanja lili pachifuwa.

"Dzukani, alamu, mukundichititsa manyazi. Kanyumba kosungira mbewu ya kachewere kali apo. Chitseko chake n'chovuta."

"Ndikonza," anatero agogo aamuna.

Masana ake tinakwera kachulu ka kuseri kwa mudzi, kumene telefoni imagwira, kuti aimbire pulezidenti wa misawu ku Beira. Ine ndinawagwirira telefoni chifukwa manambala sawaona. Anafotokoza zonse m'Chipwitikizi chawo chapang'onopang'ono, ataima chilili ngati munthuyo akuwaona. Pulezidenti anawathokoza kwambiri, n'kunena kuti awamasula mwaulemu, iwo ndi Síster. Munthu akamasulidwa pa misawu amavula pulaketa. Agogo aamuna ankadziwa zimenezo, ndipo iwo si munthu wozemba lamulo.

"Pulezidenti, ndili ndi pempho. Sindidzaphunzitsa nayo munthu. Sindidzapita nayo kumsika. Koma mkazi wanga amandidziwira pomwepa."

Mawu a pulezidenti anabwera, osweka pang'ono: "Valani, m'bale wanga. Valani."

Ndinakhala nawo ku Domwe mpaka kuzizira kunatha. Tinapita kamodzi ku Ulongwe ndi tiya Berta kukatenga bedi, mabulangete ndi bokosi la zipangizo. Makiyi a kapela ndinakapereka kwa m'bale wina. A Salvador nditawauza anatembenukira kukhoma. Pamsika amayi a kachewere anandiitana: "Iwe, akwati athu aja ali kuti masiku ano?" Ndinati ali ku Domwe, n'kufulumira. Nthawi yomweyo ndinalakalaka nditawaonanso akudutsa pamenepo atagwirana manja. Ndikanayenda pambali pawo.

Ku Domwe agogo aamuna anakonza chitseko, anatseka mabowo a makoswe, anapanga kabenchi ka anthu awiri. M'mawa ankagwadabe onse, kuwerenga, kumwa madzi a mandimu. Akatha ankavala ngati akupita kutali, n'kuzungulira mudzi atagwirana manja, kukafika ku mjigo n'kubwerera. Ana ankawatsata poyamba, kenako anazolowera. Zeferina ankabweretsa mwana wake masana kuti agogo aakazi amunyamule, iye atakhala pafupi.

Koma matenda aja sanaime. Kubwerera kumudzi kwawo kunawabweza m'mbuyo kwambiri, ku zaka zimene Anselmo wawo anali mnyamata wa tsitsi lakuda. Pulaketa ankaikhudzabe, ndipo akaikhudza mantha ankachoka. Koma liwu lakuti anzanga linayamba kusowa.

Amayi anaimba kuti ndipite ku Tete, ndikapitirize shikola kumeneko, popeza ku Ulongwe kunalibenso wokhala naye. Masiku otsala ndinkaphunzitsa agogo aamuna kuvala pulaketa osaona: kupeza thumba la malaya ndi chala, kutsegula pini, kulasa nsalu yokha. Anadzibaya kangapo. Ankayamwa chala n'kunena kuti tiyambirenso.

M'mawa wa tsiku langa lonyamuka sindinawaveke. Ndinaima pambali ndi chikwama changa. Agogo aamuna anaveka agogo aakazi poyamba, kenako anadziveka okha. Zonse ziwiri zinakhota. Ndinadikira kuti agogo aakazi anene kuti wakhotetsa, koma sananene. Anakhudza ya agogo aamuna, anakhudza yawo, n'kumwetulira mwaulemu monga amachitira ndi mlendo wabwino.

"A Elida, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu, aNachisale?"

"Ndadzuka. Pepani, ndikufunseni. Inu mumayendayenda. Simunawaoneko amuna anga? A Anselmo, akalipentala. Anachoka kale, sanabwere."

Agogo aamuna anakonza garavata.

"Ndikuwadziwa," anatero. "Andituma kuti ndikhale nanu mpaka abwere."

"Oo, zikomo. Ndiye tikhale apa, poonekera njira."

Anakhala pa kabenchi kaja. Ndinagwada kuwatsazika. Agogo aakazi anandifunsa kuti ndine mwana wa yani, ndinawauza, anati ndikawapatse moni amayi. Agogo aamuna anandiika dzanja pamutu, lamanzere, chifukwa lamanja linali litagwidwa kale.

Shapa inaima kumsewu, kobuladori akuitana a ku Ulongwe ndi a ku Tete. Ndinapeza malo a pazenera. Pamene tinkadutsa kumtunda kwa mudzi ndinawaona, aang'ono, malaya oyera ndi kapulana yobiriwira, atakhala moyang'ana njira. Ndinakweza dzanja. Agogo aamuna sakanandiona pa mtunda umenewo. Amene anandibayibitsa ndi agogo aakazi, monga amachitira ndi galimoto iliyonse yodutsa.